Mnyamata wa pa Tsamba 146

Bokosi linafika Lachiwiri, chipale chofewa chikugwa,
litanyowa pangodya imodzi.
Bambo Hutchins, osesa pasukulu pathu,
analikoka m'khonde ngati mbuzi yokana kumsika.

Mabuku makumi awiri ndi anayi a mbiri ya dziko,
onunkha guluu ndi inki,
ndipo pansi penipeni chimbale chimodzi
chimene ine sindinaitanitse:
nyimbo za m'masiku a nkhondo yapachiweniweni.

Ndasunga mabuku zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
m'chipinda chino choyang'ana mtsinje wa Ohio.
Ntchito yanga ndi kudinda madeti, kumata masamba ong'ambika
ndi kuika chala pamlomo.
Ine ndi phokoso ndife mphaka ndi khoswe.

Lachisanu kunabwera ana a giredi sikisi,
nsapato zikudontha, mphuno zili psuu,
kudzawerenga mutu wachisanu ndi chinayi.
Anawerenga ngati akumeza kwinini:
chaka chakuti, mlatho wakuti,
akufa zikwi zakuti, kazembe wa ndevu zakuti.
Wendell anayasamula mpaka ndinawerenga mano ake.
Lorena ankajambula hatchi pachikhatho.

Ndiye ndinaswa lamulo langa lomwe.
Ndinauzira fumbi pawailesi ya m'kabati
n'kulowetsamo chimbale chija.

Kunayamba chitoliro chowonda ngati ulusi,
kenako kang'oma, ta-ra-ta-ta, kothamanga.
Ndinkadikira maliro, kunatuluka ukwati.
Mapazi pansi pa matebulo anayamba okha,
osapempha chilolezo kwa eni ake,
langanso lamanzere, ndisaname.

Lorena anakweza dzanja la hatchi lija.
"Mayi Pruitt, ankavina popita kokafa?"
Ndinayang'ana mashelefu anga onse,
kuyambira pakhomo mpaka pawindo.
Panalibe buku londiyankhira.

Wendell ndiye anapeza chithunzicho.
Mnyamata, jekete lomeza zala,
ng'oma yolendewera mpaka m'mawondo,
maso ali tong'o kwa wojambula.
Pansi pake timawu: dzina silidziwika,
zaka mwina khumi ndi ziwiri.
"Ndi msinkhu wanga," anatero.
"Amayi ake anamulola?"

Nyimbo yachiwiri inali ya vayolini yekha,
yoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wotsimphina.
Mpamene ndinaona Bambo Hutchins pakhomo,
chokolopera chikudonthezera pansapato yawo,
milomo ikutchula mawu amene m'chimbale munalibe.
"Agogo anga aamuna ankaiyimba akumeta ndevu,
iwonso anaitola kwa agogo awo.
Sindinkadziwa kuti ndi ya nkhondo.
Ndinkayesa ndi yometera ndevu."

Ana anaseka, kenako anasiya.
Belu linalira. Wodzuka panalibe
mpaka vayolini atamaliza zake,
basi yachikasu ikuwomba hutala panja.

Madzulo ndinawerenga mabuku atsopano aja:
makumi awiri ndi atatu.
Losowalo linabwera patapita masabata asanu,
ndi banga la khofi pachikuto
ndi chindapusa cha madola awiri chimene sindinalandire.

Pa tsamba 146, pansi pa timawu tija,
wina analemba ndi pensulo, mosindikiza kwambiri:
Amos.
Sindikudziwa kumene analitenga dzinalo.
Mwina ndi la galu wawo, mwina la amalume.

Kulemba m'buku la sukulu ndi mlandu,
chikwangwani cha pakhomo ndinalemba ndekha.
Chofufutira chili m'dirowa yachiwiri,
pambali pa chidindo ndi timaswiti ta chifuwa.
Chisanu chatha, mtsinje wadzaza n'kuphweranso,
ndatsegula dirowayo kangapo
ndipo ndimangotengamo siwiti.